Mayi Myrofora ndi Maso a Oyera

Mayi Myrofora anabadwira m'mudzi mwathu momwemuno, m'mapiri a Troodos, ndipo anayamba kusesa katchalitchi kathu ka pamtunda tsache likuwaposa msinkhu. Makoma ake ndi odzaza ndi zithunzi za oyera zimene anajambula anthu akalekale, koma oyera a m'munsi onse alibe maso. Chifukwa chake tinkachidziwa tonse. Mwana akadwala maso, mayi ake ankapala ndi mpeni utoto wa pa diso la woyera, n'kusungunula m'madzi, n'kumusambitsa nawo kumaso.

Mayi Myrofora atakwatiwa anapatsidwa kiyi wa tchalitchi. Amuna awo anafera kumgodi wa mkuwa n'kuwasiyira ana aang'ono, koma nyali za mafuta a azitona sizinazimepo m'tchalitchimo, ngakhale chipale chofewa chitatseka njira. Ankakonda kunena kuti, "Oyerawa ndi aneba anga, sindingawagoneke mumdima."

Atakalamba, kunabwera akatswiri ochokera mumzinda kudzakonza zithunzizo. Atafunsa za masowo, a Polyvios, mkulu wa mpingo, anayankha msangamsanga kuti anawakolowola ndi asilikali achilendo.

"Bodza ilo, achimwene," anatero mayiwo, tsache lili m'manja. "Asilikali ake ati? Diso la Petulo Woyeralo ndinapala ndine. Linalo anapala amayi anu, nthawi ija munkangoyenda ndi manthongo ngati kagalu."

Wina anaseka, koma a Polyvios sanaseke. Mudzi wonse unati mayiwo ativula pamaso pa alendo, ndipo tinawalanda kiyi. Inde, ife tomwe, ndipo manyazi ake tidakali nawo. Iwo sanadandaule kwa aliyense. M'mawa uliwonse ankakwerabe mtunda uja, n'kusiya botolo la mafuta pakhomo, n'kupemphera atatsamira chitseko chokhoma. Tinkawaona tikamapita kuminda ya mpesa, n'kumayang'ana kumbali.

Mayiwo atadwala mwakayakaya, a Polyvios anabwera, chipewa chili m'manja. "Achemwali, tengani kiyi wanu. Tinalakwa."

"Ndimutani tsopano, miyendo itatha kale? Patsani amphamvu. Koma alendo akamafunsa, muziwauza zoona, kuti tinawapala chifukwa tinkawakhulupirira."

Anamwalira mwamtendere atalandira Mgonero Woyera, ana ndi adzukulu ali pambali pawo. Tinawanyamula kukwera nawo mtunda, mudzi wonse, n'kuwagoneka pakati pa tchalitchi. Mwambo wonse unatha popanda ndi mmodzi yemwe wokweza mutu kuyang'ana khoma.