A Genoveva Analambalala Mzere

A Genoveva a ku Kalomwe, kutsidya kwa malire, akalambira pamsika wa Dedza, akugulitsa kachewere. Zaka makumi anayi akhala akudutsa malire dengu lili pamutu, kudzera kanjira ka kuseri kwa chigayo, ndipo palibe anawafunsapo pepala. Kwa iwo malirewo ndi kangalande chabe kodumpha ndi mbuzi zomwe.

Amuna awo, a Zeferino, ankaphika pa hotela yakalekale ya kunyanja, yomangidwa nthawi ya atsamunda. Anamwalira komweko m'dzinja, misewu itaduka, ndipo anzawo a kuntchito anawaika konko. A Genoveva anangolandira sutikesi. Manda a amuna awo anali asanawaonepo, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima.

Chaka chatha kutatentha, kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Fonte Boa inakonza ulendo wa tsiku limodzi: kukasamba kunyanja, kukadya chambo pa hotela yomweyo, n'kubwerera. A Genoveva, omwe akayamba nyimbo nkhuku zimabalalika, analembetsa nawo. Dulce, mwana wa mng'ono wawo amene amaimba m'kwayamo, anawayendera mpaka pasipoti inatuluka.

Atafika pachipata cha malire, onse anatsika m'galimoto n'kuima pamzere wodinditsa. A Genoveva anauyang'ana mzerewo n'kupukusa mutu. Anthu ophunzirawa nawonso! Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mayiwa kudekha sanabadwe nako. Anamangitsa chitenje, n'kulowa kanjira kawo ka masiku onse. Galimoto inawapeza tsidya lina atakhala pamwala akudya nthochi, ndipo aliyense ankangoti adinditsa msanga.

Pamwamba pa mtsetse wa Golomoti, pomwe nyanja imayamba kung'anima patali ngati lata, apolisi anaimitsa galimoto.

"Amayi, mulibe chidindo umu," anatero wapolisi, akutembenuza pasipoti ija. "Mwalowa bwanji m'dziko muno?"

"Ndi miyendo, mwanawe. Kodi kalimbuyo, chidindo mukunenacho, ndi wofunikanso kwa ife apafupi?"

Dulce anagwada. A katekisita amene anali nawo paulendowo anachonderera mpaka thukuta kamukamu. Wapolisiyo sanali wouma mtima: anati sawatsekera, koma kutsika phirilo sangatsike, akwere lole yobwerera ku Dedza. Kubwerera onse kukanapha ulendo wa gulu lonse, ndipo a Genoveva anachita manyazi kupempha zimenezo. Anangoima m'mbali mwa msewu.

"Pita iwe," anauza Dulce. "Ukawauze abambo ako aakulu kuti ndinafika paphiri. Ukazulekonso udzu pamanda pawo."

"Nanga mandawo ndikawadziwa bwanji, amayi?"

"Amene anabweretsa sutikesi anati ali pansi pa mlambe."

Dulce anayang'ana kuchigwa, komwe milambe inangoti mbwee mpaka kunyanja.

"Mlambe uti?"

A Genoveva nawonso anayang'ana kuchigwako. Woyendetsa anali atayamba kale kuliza hutala.