Amayi Anasolola Udzu wa Denga

Nditangoyamba sekondale, aphunzitsi anatitenga pa basi kuchokera ku Maryhill, kudziko la azungu kumene tinasamukira, kukaona nyumba yakale yofolera ndi udzu kumudzi. Amayi anatiperekeza ngati kholo lothandiza, ngakhale anali atangoweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba. Nyumbayo inali yaifupi, ya makoma a miyala, ndipo udzu anaumanga ndi zingwe zolendewera miyala kuti mphepo isausasule. Bambo wotionetsa anati boma limaiteteza, sitiloledwa kukhudza chilichonse.

Amayi anapisa dzanja m'denga, nasolola udzu pang'ono, naununkhiza. Kwathu ku Dedza denga amaliyesa chotero mvula isanagwe.

Bambo aja anakalipa. Anzanga onse anacheukira kwa ine.

"Amayi, pepesani msanga," ndinanong'oneza.

"Chingerezi ndatopa nacho lero, mwanawe. Uwauze iweyo kuti udzuwu wawola m'kati, posachedwa dengali lidontha."

Inenso ndinali nditatopa kuwapepesera amayi paliponse. Tsikulo sindinapepese, ndinangowauza bambowo mawu onsewo. Anatenga udzu wakudawo, naufinya, madzi anatuluka. Kenako anapempha amayi mwaulemu kuti akaonenso kuseri kwa nyumba. Amayi anausa moyo, napita akukoka miyendo.