Mwana Wanga Anakana Tiyi

Chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ndinaganiza zopita ku Lusaka. Sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinangoima m'munda, kuona masamba atapiringizika ngati fodya wouma, n'kudziwa kuti nsapato za Nelia sizichokera mmenemo. Nelia ndi mwana wanga yekhayo. Ndinamubereka ndili mtsikana, sukulu nditalekezera giredi 7, ndipo atate ake anapita kumigodi iye ali kumsana, osabwereranso. Chaka chimenecho anali atangolowa giredi 8. Fizi ya sukulu a boma anachotsa, zoona, koma yunifomu, makope, sopo ndi njala sanachotse.

Ndinamusiya kuno ku Chinyunyu kwa alongo anga, ba Lazalo, ndi akazi awo amake Fredi. Alamu angawo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndipite ndi mtima umodzi, mwana ndi wa tonse. Mawu amenewo ndinawanyamula ngati kamba wa paulendo.

Ku Lusaka ndinapeza nchito ya m'nyumba: kuchapa, kukolopa, kusita, kulera ana awiri a madamu. Ndinkagona m'kachipinda ka lendi ku komboni, kamene ukatambasula manja umakhudza makoma onse. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni kwa alamu, za ufa, za shuga, za zonse za kusukulu. Tsiku limenelo foni inkalira msanga kuthokoza. Pakati pa mwezi inkangoti zii. Masiku a nchito sindinkasungulumwa, chifukwa thupi likatopa mtima umasowa mpata. Chovuta chinali Sondo. Anthu onse ali ndi kopita, iwe wakhala pakhomo kuyang'ana zovala za eni zikuuma pawaya.

Mayi wina wogulitsa mazira, woyandikana nane chipinda, ndi amene ananditengera ku mpingo umene anthu amangoti wa Amormoni. Ndinapita chifukwa chosowa chochita, sindibisa. Koma Sondo yotsatira anthu anandiitana ndi dzina langa, pamene kunyumba ya madamu miyezi yonseyo ndinali “iwe”. Ndinaphunzira, ndinapemphera, ndinabatizidwa. Patapita nthawi anandipatsa ana aang'ono kuti ndiziwaphunzitsa nyimbo, ine wa giredi 7.

Nelia ankabwera pa holide. Atsikana awiri a mishoni a mpingo wathu ankakhala naye pamphasa, iye n'kumawapanikiza ndi mafunso mpaka iwo kuyamba kutsegulatsegula mabuku. Sindinamukakamize. Khirisimasi isanafike anandiuza yekha kuti akufuna ubatizo. Pobwerera kumudzi kukayamba giredi 9, chaka cha mayeso, ndinamugulira kafoni kogwiritsidwapo kale nchito, chifukwa ku Chinyunyu kulibe nthambi ya mpingo wathu.

Tsono pali zinthu zimene ife timachita, zimene munthu wakunja sangazidziwe ngati sanauzidwe. Sitimwa tiyi, khofi kapena mowa. Sondo yoyamba ya mwezi timasala kudya. Achinyamata amakhala ndi phunziro la malembo m'mamawa asanapite kusukulu, timati seminale, ndipo amene ali kutali amalowa pafoni. Mphunzitsi wa Nelia anali ba Mwale, mdala wa imvi wopuma pa nchito ya njanji, wa mawu aakulu ngati ng'oma. Zonsezi ndinawafotokozera alamu pafoni. Anati, eya, eya, tamva. Tsopano ndikudziwa kuti ankayembekezera kuti nditsirize, tikambe za shuga.

Miyezi yoyamba Nelia ankanditumizira mawu tsiku lililonse. Ankadandaula za masamu, za mnzake amene wamubera bolopeni, za siketi imene ndinamusokera yaitali ngati ya ambuya. Kenaka mawu analeka. Alamu anati foni inagwera m'madzi. Ndikaimba pa foni yawo, mwana amakhala kuti wapita kuchigayo, wapita kotunga madzi, wagona. Ba Mwale anandifunsa kutchalitchi kuti mwana wanga wasowa bwanji. Ndinati ndi netiweki ya kumudzi. Ndinadikira, chifukwa kudikira ndimakutha. Ndinkati holide ikubwera. Holide inafika, alamu anati pali nchito yokolola, abwera ulendo wina.

Nyengo yozizira itayamba ndinakumana kumsika ndi mayi wa kwathu amene amabweretsa kandolo, mbatata ija, m'tauni. Titapatsana moni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amake Nelia, manje muzabwera liti? Kapena muyembekeza mpaka mwana abadwe?”

“Mwana wa ndani?”

Anagwira pakamwa. Kenaka anayamba kukonzakonza kandolo amene anali wokonzeka kale.

Madamu anandipatsa masiku ochepa, n'kunena kuti ndikachedwa apeza wina. Ndinakwera minibasi mmawa wake. Njira yonse, kudutsa Chongwe, sindinaone mtengo kapena phiri.

Nelia ndinamupeza ndisanafike n'kunyumba komwe. Anali m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi njira yopita ku kasupe wa madzi otentha, atakhala kuseri kwa milu ya kandolo, pa tsiku la sukulu, dzuwa lili pamutu. Anamuveka diresi lalikulu la alamu, la azimayi oyembekezera. Mkati mwa diresilo munali mwana wanga, woonda ngati bango. Atandiona anaimirira, osathamanga, osalira. Anangondiyang'ana kuti aone chimene maso anga ayambe kufunafuna. Ndinamuyang'ana kumaso basi. Ndinamuuza kuti anyamule beseni, tizipita.

Alamu sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anandiyalira mphasa, n'kuyamba kundiwerengera zizindikiro. Mwana wabwera kuchokera m'tauni, tiyi amene ankamwa makapu awiri akumukana, akuti ngakhale kulawa. Akudzuka tambala asanatsike, kukabisala kuseri kwa nkhokwe, kumvetsera mawu a mwamuna pafoni. Masiku ena sadya. Ndiye Sondo ina, atakana phala, anamutuma kumunda dzuwa likuswa mtengo, anachita chizungulire n'kugwa.

“Alamu, ine nabereka. Ivi vintu niviziba,” anatero.

Ndinafunsa ngati mwanayo anamufunsa. Anamufunsa, inde. Anaitana azimayi achikulire, n'kumukhazika pakati, chitseko chotseka. Nelia anawauza kuti ndi za tchalitchi. Anaseka. Mmodzi anati tchalitchi choletsa tiyi chili m'foni mokha? Pali mipingo ina kuno imene anthu ake samwa tiyi, koma iwo ali ndi nyumba ya njerwa imene aliyense amaiona. Mwana wanga analibe ngakhale chikwangwani choloza. Anamugwira m'mimba, osapeza kanthu, n'kugwirizana kuti mimba yoyamba imabisala kumsana. Anamulanda foni kuti mwamunayo aonekere. Tsiku ndi tsiku ankamuuza kuti atchule dzina, iye alibe dzina lotchula, ndiye kukhala chete kwake kunasanduka umboni wina.

Nanga ine bwanji simunandiuze? Akuti ankafuna atchule kaye mwini mimba kuti andipatse nkhani yathunthu, pamodzi ndi kokalipiritsa. Ndalama za makope zinkalandiridwa mwezi uliwonse, pamene yunifomu inali itaperekedwa kale kwa mwana wa m'bale wawo kuti isaonongeke m'bokosi. Ba Lazalo anali pampando chapafupi, akukonza tcheni cha njinga. Ndinati, alongo, inu munali kuti? Osadzutsa mutu anati izo ndi nkhani za azimayi.

Ndinkafuna kukuwa mpaka a kumsewu amve. Sindinakuwe. Ndinapempha foni ya mwana, imene inatuluka m'chikwama cha alamu youma bwinobwino, ndipo tsiku lomwelo tinasesa kanyumba kanga kakale n'kusamukira mmenemo.

Mmawa wake tinapita kusukulu. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti alamu anapita okha kukanena kwa aphunzitsi oyang'anira atsikana. Nkhani inatuluka mu ofesi tsiku lomwelo. Anyamata ankamupatsa mpando Nelia akalowa m'kalasi, n'kumati khalani amayi, musatope. Atsikana anzake, amene ankagawana naye chimanga chokazinga, anayamba kukhala pa benchi ina. Sabata isanathe anauzidwa kuti akapume kunyumba.

Ba hedi ndi munthu waulemu, anandipatsa mpando. Anandilimbitsa mtima kuti masiku ano malamulo ndi abwino, mwana akabereka amaloledwa kubwerera.

“Abereke chiyani, ba hedi?”

Anayang'ana Nelia, n'kuyang'ana pawindo.

“Munaona na maso yanu, kapena munamverako chabe?”

Anayankha kuti womulera ndiye anabwera kudzanena, ndipo pa zaka zawo zonse za uphunzitsi sanaonepo kholo lonamizira mwana wake mimba. Atsikana amachoka temu iliyonse, anatero, mpaka munthu umazolowera. Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa onse. Anazolowera. Dzina la mwana wanga linangolowa pamzere umene unali kale, osafunsa kawiri. Kiliniki ili pomwepa, koma panalibe mmodzi, kunyumba kapena kusukulu, amene anaganiza zoyenda naye kukafika kumeneko. Tsopano ine ndi amene ndinauzidwa kuti ndibweretse kalata ya anesi.

Panjira Nelia anaima. Anati akapita kukiliniki ndiye kuti wavomera kuti mawu ake alibe nchito.

“Mawu yako ine nayamvera, mwanangu. Pepala ni ya aja osamvera.”

Anapita, nkhope ili gwa. Anesi anamuyeza, anapukusa mutu, n'kufunsa kuti ndani anayambitsa zimenezi. Ba hedi analandira kalata ija ndi manja awiri. Kumudzi anati pepala limagulidwa, makamaka ndi munthu wochokera ku Lusaka.

Sindinabwerere kwa madamu. Ndinaimba kuwauza, anati anaona kale kuti anthu a kumudzi ndi choncho. Ndinayamba kukazinga vitumbuwa, kugulitsa kwa a mabasi ndi alendo obwera kudzaona madzi otentha. Ndalama yake ndi yochepa, nyama timaiona mwa apo ndi apo. Ndinasoka yunifomu ina. Mmawa uliwonse, seminale ikatha, ndinkamuperekeza mpaka pageti ya sukulu, kudutsa pakati penipeni pa mudzi, osati njira yakuseri. Ndinkapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, kuti atiyang'ane bwino. Ndinkati mumtima, werengani miyezi yanu, ine sindifulumira.

Musaganize kuti ndikulera mngelo. Nelia amasinza ba Mwale ali pakati pa vesi. Mbale amaziviika n'kuiwala. Siketi yatsopano anaipinda m'chiuno kuti ifupike, akuganiza kuti sindiona. Patapita masabata angapo anandiuza kuti ndikumuchititsa manyazi kuposa mimba ija, ndizibwerera pa mtengo wa mango. Ndinamvera. Pa Sondo timakhala awiri m'nyumba, kuimba, kuwerenga, ndipo vitumbuwa vikayenda bwino timakwera basi kukasonkhana ndi anzathu m'tauni. Temu yonse imene anataya anaithamangira ndi makope obwereka. Mtsikana mmodzi mwa aja anasamuka benchi anabwera yekha ndi makope ake a sayansi, n'kukhala pamphasa. Ana amadziwa kupepesa kuposa akulu.

Nyengo yotentha inafika, miyezi yawo inakwana, mimba ya mwana wanga ili phwa ngati mbale. Ndinkayembekezera kuti wina abwere kudzati tinalakwa. Azimayi aja a chitseko chotseka ndinkakumana nawo pamjigo, ankandifunsa za mtengo wa mafuta ophikira. Nelia analemba mayeso. Zotsatira zitabwera anali atapasa, osati pamwamba, koma malo a giredi 10 anapeza.

Tsiku lotsatira alamu anabwera ndi lichero la nshawa. Ndinati lero ndi lero. Ndinawayalira mphasa, tinayamba kusenda pamodzi. Anayamikira mwana kuti ali ndi mutu, anatengera kwa amalume ake, ba Lazalo. Kenaka anasendera pafupi, n'kutsitsa mawu.

“Mulungu wanu anakumverani chifundo, alamu. Inachoka yeka, mwana wapitiriza sukulu. Ena sakhala na mwayi uyu.”

Ndinafufuza chipongwe pankhope pawo, sindinachipeze. Ankanena ndi mtima wonse. Pamenepo ndi pamene ndinakudziwa kwathu kumene ndinkakulakalaka ndili m'kachipinda ka ku komboni. Anthu ake si oipa, adzakupatsa ufa ukasowa, adzagona pamaliro pako. Koma mtsikana akasintha, amadziwa chifukwa chimodzi chokha. Kuti mwana wamkazi angakane chinthu chifukwa wasankha yekha, ndi mutu wake ndi Mulungu wake, zimenezo n'zovuta kuzikhulupirira kuposa mimba yobisala kumsana. Mimba ya kuno imayambira m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo ikapanda kubadwa, sanena kuti kunalibe. Amati inachoka.

Nelia anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula. Anatuluka, n'kugwada bwinobwino pafupi ndi mphasa monga mwana woleredwa.

“Ba anti, manje maliro yake munayika kuti? Nifuna nikaoneko manda.”

Alamu anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndimudzudzule, poti mwana sayankha akulu choncho. Ine ndinatola nshawa ina n'kupitiriza kusenda.