Mwera ndi rauta ya amalume

Ndinaphunzira zamakompyuta kukoleji miyezi inayi basi, koma kwathu ku Malindi amanditcha injiniya, ndipo sindinakanepo.

Amalume atagula rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, ndinaitsekera m'bokosi lachitsulo kuopa fumbi ndi makoswe. Iwo ankangofuna kudzaonera pavidiyo ubatizo wa mdzukulu wawo wobadwira ku Joni. Koma tikayesa kuimba, chithunzi chinkangouma, mwana ali kukamwa yasa.

"A injiniya, chavuta n'chiyani?"

Ndikanangoti sindikudziwa. M'malo mwake ndinayang'ana kunyanja n'kutsokomola.

"Ndi mwera, amalume. Ukuuluza netiweki."

"Eetu! Ngakhale usipa umathawa," anavomera.

Tinadikira masabata atatu kuti mwera uleke, ine thukuta kamukamu, kuzimitsa ndi kuyatsa foni ngati sing'anga wosowa mankhwala. Ubatizo unadutsa. Kenako ndinawerenga kuti mafunde a wayifayi, amene rauta imatulutsa, sabowola chitsulo. Ndinaitulutsa rautayo m'bokosi muja mwakachetechete onse ali kutchalitchi, netiweki n'kuyamba kugwira bwino, ndipo mwatsoka mphepo ya mwera inaleka tsiku lomwelo.

Mpaka lero amalume saimba foni mwera ukamawomba. Chondipweteka n'chakuti sayansi imeneyi akuphunzitsa mudzi wonse, ndipo satha osatchula dzina langa.