Anyezi amene ndinakana kugulitsa

Chisanu cha chaka chimenecho ndimachikumbukira ndi fumbi. Mphepo ya mu Julayi inkalitola mumsewu wa ku Chawama n'kulithira pa tomato, pa kapenta, m'tsitsi, mpaka m'mano. Ine ndinkakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa tebulo la amayi mumsika, miyendo itatuwa kuti mbuu, ndikuyang'ana anthu akudutsa. Ndinali kamtsikana ka giredi faifi, koma sukulu ndinali nditayamba ndaiika pambali.

Amayi ankagulitsa anyezi. Ankakwera basi kupita ku Nakonde, kumalire a kumpoto, n'kubwerako ndi matumba ofiira amene fungo lake linkalowa mpaka m'mabulangete. Bambo anapita kumigodi kalekale osamvekanso, choncho amayi akachoka ndinkatsala ndekha m'chipinda chathu cha lendi, ndipo ndinali nditazolowera chifukwa sankachedwa. Koma ulendo uwu, ali komweko, boma lathu linakweza msonkho wa anyezi ochokera kunja, ati pofuna kuteteza alimi athu. A tsidya linalo nawo anabwezera pa shuga ndi chimanga chathu. Akuluakulu atakwiyitsana choncho, malole anaima mzere pamalire, ndipo amayi anatsakamira komweko. Msonkho watsopanowo sakanaukwanitsa, kusiya matumba sakanathanso, poti mpamba wawo wonse unali momwemo. Uthenga wawo unkafika pa foni ya Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wogulitsa tinsomba touma ta kapenta pafupi nafe, ndipo sunkasintha: ndidikire, ndisataye malo.

Mumsika mwathu malo sanali a munthu, anali a katundu. Tebulo likakhala lopanda kanthu, anyamata a chipani ankalipereka kwa wina, makamaka chaka cha masankho ngati chimenecho, pamene tcheyamani wa msika anali ndi azimayi ambiri ovina pamisonkhano ofunika kuwathokoza.

Mtengo wa anyezi unathawa tikuona. Amene ankagula mulu anayamba kugula mmodzi, kenako theka lokulunga m'kapulasitiki. Madzulo ukamadutsa m'tinjira ta mukomboni, mbaula zinkayaka monga kale, koma fungo lija la anyezi akugwera m'mafuta linasowa, ndiwo zinkangobwata mwakachetechete. Malole a kampeni ankabwera ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu. Olamula ankati olakwa ndi a tsidya lija, otsutsa ankati olakwa ndi olamula, ndipo onse ankalumbira kuti tikawavotera tidzadya bwino. Bana Mulenga ankasunga zitenje za zipani zonse ziwiri pansi pa thumba la kapenta, n'kumanga m'chiuno malinga ndi lole imene yaima. Ankati mimba yawo ilibe chipani.

Ndi iwo amene anaona kuti m'beseni mwanga mwatsala anyezi ochepa. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Iwe mwana, aba usagulise. Bakasila chabe, ba cheyamani bazapasa malo munthu wina. Uzikamba ati banagula kudala."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali yokana makasitomala. Ndinkayala anyeziwo motalikirana kuti aoneke ambiri, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti mwini wake akubwera kudzatenga. M'msika momwe anyezi anali osowa, anthu sankamvetsa. Mayi wina wa kumpingo kwathu anandichonderera kuti amuna ake akudwala, sakudya ndiwo zozizira, ndimugulitseko ngakhale theka. Ndinayang'ana pansi mpaka anachoka, ndipo Lamlungu lake sanandiyankhe moni. Mbiri inamveka kuti mwana wa patebulo la anyezi ndi wouma mtima kuposa amalonda akuluakulu. Anzanga poweruka kusukulu ankayamba aima kuti tisewere waida kuseri kwa msika, koma poti sindinkatha kudzuka pandowa paja, anasiya kuima. Ndinasungulumwa kwambiri. Anthu anali piringupiringu tsiku lonse, koma wondilankhula ngati mwana kunalibe.

Anyeziwo nawo anayamba kundiwukira. Anatulutsa timasamba tobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatithyola ndi chikhadabo, n'kutembenuzira pansi mbali yofewa. Tcheyamani ankadutsa manja ali kumbuyo, n'kudina mmodzi ndi chala. "Bamai bako bakali ku boda?" Ndinkavomera ndi mutu, iye n'kuseka, n'kuyeza tebulo ndi maso.

Amayi anafika masana ena dzuwa litayamba kutentha, opanda wilibala yowatsatira. Anali ndi kachikwama ndi bulangete basi, khosi litatalika. Matumba onse anawolera pamalire, anachita kuwathira m'dzenje. Anaima patebulo, natola anyezi mmodzi, chala chawo n'kulowa mkati.

"Ndiye ivi vamene wenze kulonda?"

Ndinavomera, ndikudikira kuti andiyamikire, chifukwa malo ndinali nditasunga. Iwo anandiyang'ana miyendo, anandiyang'ana tsitsi, kenako anati, "Tiye kunyumba." Amayi sanamutsanzike tcheyamani. Kutacha, patebulo paja panali tomato wa mayi wina, ndipo sabata yotsatira amayi analowa ntchito ya m'nyumba kumayadi, yogonera konko, yopuma Lamlungu lokha.

Lero ndikamva pawailesi kuti maiko akwezerana misonkho, akatswiri akukangana kuti wapambana ndani, ndimatsitsa mawu. Mikangano ya nthawi ija inatha bwino, anthu amatero. Chawama inavota ndi mkwiyo, pamipando panakhala ena, akuluakulu anagwirana chanza, malole anayenda. Anyezi anatsika mtengo mvula isanagwe, ndipo m'tinjira munayambanso kununkhira. Amayi okha ndiwo sanabwerere, kumsika ngakhale kunyumba kwenikweni, ndipo ine ndinakula ndikudikira Lamlungu kuti ndiwaone.