Nkhope ya Apongozi mu Lenzi Yobwereka

Zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba, ine ndinali wojambula zithunzi kwa Wimbe, ndipo sindibisa mawu, m'dera lonselo munalibe wondiposa. Ntchito inalipo yambiri, chifukwa nthawi imeneyo chilichonse chinkafuna dzina ndi nkhope papepala. Anzanga ena anali atayamba kale kugula timakamera tija tongodina, todzipezera tokha pomwe pali munthu. Ine ndinakakamira yanga yachitsulo, yafilimu, yokhala ndi lenzi yopotokola ndi dzanja imene ojambulafe tinkaitcha fifite. Ukasuzumira m'kati mwake umaona kabwalo kogawika pakati, ndipo chimene ukujambulacho chimaoneka chothyoka. Ntchito yako ndi kupotokola mphete ya lenziyo pang'onopang'ono mpaka mbali ziwirizo zitalumikizana. Ena ankalumikizira pa kolala ya malaya, ena pamphuno. Ine ndinkalumikizira padiso, chifukwa diso likatuluka bwino mwini chithunzi amakhululuka zina zonse, ngakhale khutu litabwera mwachimbuuzi.

Filimu tinkakatsukitsa ku boma. Pakhonde la sitolo yotsukira zithunziyo ndi pamene ojambula a m'midzi tinkakumana, njinga zitatsamira chipupa, tikudikira kuti makina atilavulire ntchito yathu. Mkangano unali umodzi chaka chonse, woti lenzi yabwino ndi iti. Panali mkulu wina wochokera cha kumpoto amene ankafera twente-eiti, lenzi yotambalala ija. Ankati imalowetsa kwaya yonse pachithunzi chimodzi, ndi mtengo wa mango womwe. Ife tinkamuseka kuti anthu ake a m'mbali amatuluka ndi mitu ngati maungu, ndiye akapsa mtima Chichewa chinkamuthawa, n'kumangoti, "Imwe mukumanya vichi?"

Panalinso mnzanga wa kwa Lukwa, Msilamu wa golosale, amene ankajambula maukwati akatseka sitolo. Yake inali lenzi yaitali, wani-sate-faifi, ndipo ankaisunga m'sokosi yakale kuopa fumbi. Ankaikonda chifukwa ankatha kuima patali, osapondana ndi ovina, koma nkhope ya mkwatibwi n'kudzaza chithunzi chonse, zakumbuyo zitasungunuka. Ine ndinkamuuza pamaso kuti imeneyo ndi lenzi ya anthu amantha. Wojambula weniweni amayandikira, amacheza naye munthuyo, amamuseketsa, amamuyang'ana m'maso. Fifite imaona monga limaonera diso la munthu, siwonjezera kanthu ndipo sichotsa kanthu. Mpaka lero ndikhoza kutsutsana ndi aliyense pa nkhani imeneyi.

Koma kwa Wimbe kunali munthu mmodzi amene sindikanayerekeza kumuyang'ana m'maso. Amenewo anali apongozi anga aakazi. Ndinakwatira chikamwini, ndipo nyumba yathu inali kuseri kwa chigafa chawo choyanikamo fodya. Zaka khumi ndi chimodzi tinakhala bwalo limodzi. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, n'kunyonyomala, n'kupatsana moni nkhope zitaloza kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Sikunali kudana. Unali ulemu, ndipo ine ndinkaunyadira, chifukwa anthu ankati mkamwini wa pakhomo paja ngoleredwa bwino. Apongoziwo ndinkawadziwa ndi kayendedwe, ndi katsokomoledwe, ndi duku lawo lobiriwira. Nkhope yawo ndinkangoiona mwakuba, ali patali.

Chaka chimenecho apongozi aamuna anamwalira msika wa fodya utangotsekedwa. Dzina limene linali m'kaundula wa kalabu ya alimi linali lawo. Nthawi yofesa nazale itakwana, mlembi wa kalabu anabwera kudzanena kuti ngati apongozi aakaziwo akufuna kupitiriza kugulitsa fodya ku okushoni, alembetse dzina lawolawo. Pankafunika zithunzi ziwiri zazing'ono zooneka bwino nkhope, pofika Lachisanu, tsiku limene mapepala ankanyamuka. Kupanda apo, fodya wawo akanalowa pa dzina la mphwake wa malemuwo, bambo wokoma pakamwa amene anali atayamba kale kumabwera kudzazungulira chigafa manja ali kumbuyo. Tonse tinkadziwa mmene nkhani zotere zimathera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi amene anasoka fodya moyo wake wonse akanasanduka waganyu m'munda mwake momwe.

Mkazi wanga anandiuza zimenezi Lolemba. Ine ndinati apite ndi mayi akewo kwa wojambula wina wa pamsika. Anapita kukanena, ndipo sanachedwe kubwerera.

"Akuti m'nyumba muli wojambula, ndiye iwo akaonetse nkhope kwa mlendo ngati alibe ana?"

Apa ndiye panandivuta. Chithunzi chaching'ono cha nkhope, ukamajambula ndi fifite, umaima pafupi kwambiri, poti munthuyo angamve ndi kupuma kwako. Kenako umamupenyetsetsa m'diso kwinaku ukupotokola. Ine kuchita zimenezo kwa apongozi? Ndinaona kuti bola kundituma kukatapa uchi masana opanda utsi.

Koma mutu ndinali nawo, ndipo ndinkaudalira. Pa mphete ya lenzi pamakhala manambala osonyeza mtunda. Ndinadula chingwe chosokera fodya chotalika mita imodzi ndendende, n'kuchimangirira ku kamera. Lachiwiri m'mawa tinapachika nsalu yoyera pakhonde lawo, ine n'kukhazika kamera pakatebulo. Apongozi anakhala pampando. Mkazi wanga anakoka chingwe chija mpaka chinakhudza mphuno ya mayi ake, ndipo ine ndinaika mphete pa mita imodzi. Ndinasuzumira kamodzi kokha, mothamanga, kungoona kuti duku lili m'kati. Kenako ndinadina katatu maso anga ali pa nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo. Pobwerera kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti wakwatiwa ndi munthu wanzeru, ndipo kuti palibe wojambula wina m'Kasungu yense akanaganiza zimenezo.

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita ku boma. Zithunzi zitatuluka, ndinafuna nthaka itang'ambika ndilowe. Chingwe chitachoka pamphuno, apongozi anasunthira m'mbuyo, chifukwa nawonso kuyandikana nane kunawakanika, ndipo anaweramitsa mutu n'kutembenukira kumbali monga ankachitira masiku onse. Pachithunzipo panali duku lachimbuuzi ndi khutu limodzi. Chinthu chokhacho chooneka bwino chinali chala cha mkazi wanga pakona, chitagwira chingwe, ndipo chalacho chinatuluka bwino zedi, mpaka ndi dothi la m'chikhadabo.

Mkulu wa twente-eiti uja analanda chithunzicho n'kuyamba kuchiyendetsa pakhonde ponse. Anaseka mpaka kukhala pansi. Ankafunsa ngati kalabu ya kwathu yayamba kulembetsa zala. Ine ndinapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha enieni. Kunatsala tsiku limodzi. Mayi wamasiye anandikhulupirira, ine n'kuika manyazi anga patsogolo pa munda wake.

Mnzanga wa kwa Lukwa analipo tsikulo, atabwera kudzaoda katundu wa m'golosale. Anaseka nawo pang'ono, kenako anandikokera pambali kuti ndimufotokozere. Nditamaliza anapukusa mutu.

"Achimwene, mbewa yamanyazi inafera kuuna," anatero. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa sokosi ija. Makamera athu anali a mtundu umodzi, ndiye lenzi yake inkakwana pa yanga. "Tengani. Ndi ya anthu amantha, munatero nokha. Mukaima patali, pomwe mumaima mukamawapatsa moni. Koma za chingwezo muzisiye. Iyi mukaphonya pang'ono pokha, mwaphonya zonse. Muyenera kuyang'ana."

Ndinailandira ndi manja awiri.

Lachinayi m'mawa ndinaika filimu yatsopano. Nsalu tinaipachika m'mphepete mwa chigafa, chimene chinali chopanda kanthu nyengo imeneyo, pomwe kuwala kunkalowa mofewa. Apongozi anakhala pampando. Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamtunda umene ndinauzolowera, poti munthu wodutsa sakanaona cholakwika chilichonse. Ndinalankhula ndi mkazi wanga.

"Uwauze amayi kuti zadzana zija ndinalakwitsa ndine. Lero adzutse mutu, ayang'ane pagalasi penipenipa, asathawitse maso mpaka nditanena."

Mkazi wanga anabwereza mawuwo, ngakhale onse tinkadziwa kuti amva kale. Kenako duku lija linadzuka.

Ndinaika diso pakamera. Poyamba munali chifunga chokhachokha. Ndinayamba kupotokola, ndipo nkhope inabwera, pafupi kuposa mmene fifite yanga ikanaibweretsera. Miyendo yanga inali patali mwaulemu, koma diso langa linali pamphumi pawo. Ndinaona mphini ziwiri zakale patsaya. Ndinaona makwinya otsika kuchokera m'mbali mwa mphuno, ndi milomo youma ya munthu amene sanadye bwino chiyambire maliro. Chikope cha kumanzere chinali chogwa pang'ono, chimodzimodzi cha mwana wanga wamkazi woyamba, chimene ine zaka zonsezo ndinkauza anthu kuti anatengera kwathu.

Ndinaiwala kuti ndikupotokolabe mphete. Ndinapitirira pomwe ndinayenera kuima, nkhope n'kusungunukanso, ndipo ndinabwerera nayo pang'onopang'ono. Manyazi amene ndinkawaopa aja analipo, koma sanakhalitse. Chimene chinandigwira chinali chisoni. Mayi ameneyu anandipatsa munda, anandisungira ana, anandiphikira phala ndikudwala malungo n'kulitumiza ndi mwana wake, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti maso ake ndi otani. Anali maso otopa, ofiira m'mbali, koma osagwedezeka. Ankayang'ana pagalasi monga anauzidwira, osaphethira.

"Abambo, dinanitu, amayi atopa," anatero mkazi wanga.

"Uwasiye," anayankha apongozi, mutu osausuntha. "Asafulumire. Ine ndakhala kale."

Ndinapuma, n'kugwira mphete bwinobwino. Mbali ziwiri za kabwalo kaja zinalumikizana pa diso lakumanzere, nsidze zinaoneka imodziimodzi, ndipo ndinadina. Ndinadinanso kawiri. Ndisanapite n'komwe ku boma ndinadziwa kuti ndaitha, chifukwa wojambula amamva m'chala. Ndinatsitsa kamera, n'kutembenukira kumbali, n'kuuza mkazi wanga kuti awauze amayi kuti tatha.

Filimu yotsalayo ndinaithera pa nazale za anthu ndi pa mbuzi, kungoti ithe, ndipo ulendo uno njinga ndinaisiya, ndinakwera matola. Zithunzi zinatuluka monga ndinadziwira. Wotsuka zithunzi anaziyang'ana kawiri asanandipatse, n'kufunsa kuti mayi ameneyu ndi ndani. Ndinayankha kuti ndi apongozi anga, ndipo ndinamva kukoma kunena zimenezo. Lenzi ndinakaibweza sabata yotsatira, pamodzi ndi nkhuku. Mnzangayo ankafuna ndivomere kuti fifite yagonja, koma ndinakana, ndipo ndikukanabe. Fifite sinalakwe kanthu, amene analephera ndi mwini wake.

Lachisanu m'mawa apongozi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita okha kwa mlembi wa kalabu, zithunzi ziwiri zitamangidwa pakona ya mpango. Sanafune woperekeza. Mphwake wa malemu uja anali atafika kale kumeneko ndi cholembera m'thumba, akuti kudzathandiza, koma anapeza palibe chothandiza. Mlembi anamata zithunzi, amayiwo anadinda chala chawo, ndipo mapepala ananyamuka masana omwewo. Bamboyo sitinamuonenso akuzungulira chigafa.

Atabwerako anakhala pamphasa pansi pa mtengo, chithunzi chachitatu chotsala chili m'manja. Ine ndinali chapatali ndikumata chubu cha njinga, msana nditawalozetsa. Anaitana mwana wawo, koma mawu anawakweza kuti afike pomwe ndinali.

"Iwe, dzina langa lalembedwa. Fodya wa chaka chino apita pa dzina langa. Uwauze bambo a anawa kuti ndathokoza."

Mkazi wanga anabwereza. Ine ndinasiya chubu, n'kunyonyomala, n'kuyamba kuomba m'manja. Ndinkaganiza kuti atha, koma anatsokomola n'kupitiriza.

"Uwafunsenso kuti imvi zonse zija zinayamba liti. Poti anati ndiyang'ane, ndiye ndinayang'ana. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndikadali ndi kamnyamata kowonda kaja kanabwera kudzakufunsira. Kani takalamba tonse pabwalo pomwe pano."

Mkazi wanga anaseka mpaka kulephera kubwereza mawuwo. Ine ndinapitiriza kuomba m'manja nkhope italoza kumbali, ndipo zinandikomera kuti mwambo umatero, chifukwa misozi inali itatsika kale.