Tsamba Limene Bambo Sanaliwonepo

Nyengo yozizira yoyamba imene tinakhala ku Sighthill, kuno ku Britain, pa hita ya m'chipinda chochezera sipankayanikidwa masokosi monga kwa anzathu. Pankayanikidwa mabuku. Bambo ankawatsegula pakati n'kuwagoneka chafufumimba pazitsulo zotenthazo, asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ndipo akayamba kufunda ankatulutsa fungo limene mpaka lero likandipeza m'shopu ya zinthu zakale ndimatuluka osagula kanthu. Linali fungo la chuku losakanikirana ndi utsi wa fodya wa zaka zambirimbiri, supu wotayikira, mankhwala otsukira m'zimbudzi, ndi kena kake konunkha motsekemera kamene ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ndi mkodzo wa okalamba. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala pamwamba kwambiri m'nyumba yosanjikizana, mawindo ake otseguka pang'ono pongokwana dzanja. Pochokera kusukulu ndinkagwira mpweya m'lifiti yonunkha mowa ndi mikodzo ya anthu oledzera, n'kufika kunyumba kuti ndipume, koma kupuma kwake kunali komweko.

Mabukuwo anali a akufa. Bambo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwasintha matewera. Nkhalamba ikamwalira, abale ake ankabwera kudzatenga wotchi, zithunzi ndi mphete, koma mabuku ankawaunjika m'matumba akuda n'kuwasiya pafupi ndi zinyalala. Bambo zimenezi zinkawapweteka mtima ngati awona munthu akutaya chimanga. Anapempha kwa abwana awo, analoledwa, ndipo kuyambira pamenepo ankatsika basi atanyamula thumba paphewa ngati ochokera kumsika wa kaunjika. Mayi, amene anali namwino ndipo mphuno yawo inali itawona zambiri, ankangoti katundu wa maliro salowa m'nyumba chisawawa, kenaka n'kupopera mankhwala onunkhiritsa amene ankangoonjezera nyansi. Ntchito yopukuta inali yanga. Ndinkakhala pakapeti ndi kansanza ndi mbale ya viniga, kupukuta zikuto ndi kukutumula masamba, ndipo zimene zinkagwamo sindingazifunire ngakhale mdani wanga. Munkagwa tsitsi loyera, zinyenyeswa za mabisiketi, timapepala tominira touma gwa, ndipo tsiku lina munagwa chikhadabo chachikasu cha chala chachikulu cha kuphazi. Ndinasamba m'manja katatu koma chakudya chamadzulo sindinachikhudze.

Kumudzi bambo sanali munthu wosambitsa nkhalamba. Anaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi zinayi pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu, komwe buku limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka kutha ngati nsanza. Chuma chawo chinali m'mutu. Ankadziwa pamtima ziganizo zoyamba za mabuku otchuka a nthano a ku Britain, ambiri ndithu, ena oyamba ndi kubadwa kwa mwana, ena ndi maliro, ena ndi kudandaula za nyengo, poti anthu a kuno ngakhale m'mabuku sayamba kucheza asanadandaule za mvula. Ankati buku lili ngati mlendo, umamudziwa ndi odi wake. Loweruka lililonse m'mawa, tikatha kukolopa, ndinkaima pakati pa chipinda manja kumbuyo, zidendene pamodzi, n'kumalakatula ziganizo zimenezo chimodzichimodzi, iwo atakhala pampando maso atatsinzina, chala chikugunda pabondo. Ndikaphonya liwu limodzi chala chija chinkaima, ndipo ndinkayambiranso. Pansi pabwalo anzanga ankathamangitsana ndi kugendana ndi chipale chofewa, ine ndili mmwamba kupuma chuku ndi kutafuna mawu a anthu amene anafa kalekale.

Kutchalitchi ndiye kunkandinyansa kwambiri. Mapemphero akatha, Amalawi tinkasonkhana m'holo kumwa tiyi, ndipo kumeneko palibe amene ankawatchula bambo dzina, onse ankati Aphunzitsi. Panali azibambo amene kwathu anali ndi maofesi awoawo koma kuno ankatsuka mbale m'mahotela, ndipo sipankatenga nthawi wina asanati Aphunzitsi atipatseko kamodzi. Bambo ankayamba akana mwaulemu, kenaka n'kuimirira, kumanga batani la jekete, kukweza chibwano, ndipo Chingerezi chinkatuluka cholemera ngati cha pawayilesi yakale. Anthu ankaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu yapansipansi. Ine ndinkabisala kuseri kwa majasi. Ndinkadziwa zimene manja a bambo, amene ankawakweza m'mwamba polakatula, akagwire Lolemba m'mawa, ndipo m'mtima mwanga mwa mwana wopanda nzeru ndinkaona kuti zonsezo n'kudzinamiza. Pano ndikudziwa kuti m'sabata yonse mphindi ziwiri zimenezo ndi zokhazo zimene bambo ankakhala munthu amene anali.

Panali buku limodzi limene ankalikonda kuposa onse, ndipo mwatsoka kapena mwamwayi silinabwerepo m'matumba akuda aja. Analiphunzira kwa mphunzitsi wawo, iwonso n'kuliphunzitsa chaka ndi chaka kuchokera m'kope limodzi lopanda chikuto limene linkasungidwa m'kabati ya ahedi. Chiganizo chake choyamba chinali chachitali ngati njira ya kudimba, chonena za ngolo ya mahatchi ikufika pachipata cha nyumba yaikulu mvula ili pakati. Ankatiuza monyadira kuti ku Ntcheu mwana wolephera kuchinena chonse ankagwada panja padzuwa mpaka belu. Ine sindinagwadepo, koma chinandilowa mpaka ndinkatha kuchinena ndikutsuka mano.

Ndiye Lachinayi lina mphunzitsi wathu, mayi wa tsitsi lofiira amene sankadziwa kukalipa, anati aliyense anene chiganizo choyamba cha buku limene amalikonda. Anzanga ankawerenga patimapepala, atakhala pansi, mawu akuthera m'kolala. Itafika nthawi yanga ndinachita zimene ndinazolowera. Ndinaimirira, manja kumbuyo, zidendene pamodzi, ndinatchula dzina la buku ndi mlembi wake, n'kuyamba kukoka ngolo ija ndi mawu a bambo. Ndisanafike n'komwe pachipata kalasi inali itaphulika. Mtsikana wina amene ankakonda kunena kuti ndimanunkha ngati kabati ya agogo ake anatsina mphuno n'kumanditsanzira. Zimenezo ndikanapirira, poti ndinali wotsimikiza kuti iwo ndi mbuli ndipo ine ndalondola. Koma mphunzitsi anapita pashelefu, anasolola buku lomwelo, latsopano, lonunkhira guluu, nabwera nalo padesiki panga. Anandiuza mokoma mtima kuti chiganizocho n'chokongola ndipo ndachinena bwino, koma si poyambira bukulo. Anandionetsa tsamba loyamba, panali kachiganizo kakafupi kamene ndinali ndisanakamvepo. Anatembenuza pepala limodzi, ndipo ngolo ya bambo inali apo, pamwamba penipeni pa tsamba lachitatu, poyambira ndime yatsopano. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma tsiku limenelo anadya ndi wamkulu, wopotokola m'mimba n'kukhala ine. Anandibwereka bukulo kuti ndikawerenge kunyumba.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandivuta kuinena. Ndikanatha kuwaonetsa bambo tsiku lomwelo, tili awiri kukhitchini, n'kuwafunsa ngati wosadziwa. Sindinatero. Ndinabisa bukulo pansi pa matiresi chifukwa ndinkadziwa kuti Lamlungu kubwera alendo, a Nyirenda amene anali mkulu wa mpingo, akazi awo, ndi mabanja ena awiri. Lachisanu ndinapukuta mabuku a akufa osadandaula. Loweruka ndinaima manja kumbuyo n'kunena chiganizo cha ngolo chija osaphonya liwu, bambo n'kundisisita pamutu. Masiku atatu onsewo mkwiyo ndinkaufukatira bwinobwino kuti usazizire.

Lamlungu lija mayi anabisa matumba onse kuchipinda, anapopera nyumba yonse, naphika mpunga ndi nkhuku. Titatha kudya a Nyirenda anatsamira pampando n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tatipatsaniko kaja ka ngolo." Bambo anakana kamodzi monga mwa chizolowezi, anaimirira, namanga batani. Ndinawalola anene chonse. Ndinadikira mpaka anthu atamaliza kuomba m'manja. Kenaka ndinatuluka kuchipinda ndi buku lija, ndipo sindinagwade kapena kunjuta, ndinalipereka nditaimirira, ndi dzanja limodzi, pamaso pa alendo. Sindinayankhule Chichewa, chimene chikanandikakamiza kuwapatsa ulemu. Ndinasankha Chingerezi cha pabwalo la ku Sighthill, chimene chimati iwe kwa aliyense, n'kuwauza kuti zimene anenazo n'zabodza, bukulo siliyamba choncho, ndipo kalasi yonse yandiseka chifukwa cha iwo.

Bambo anapukuta manja pathalauza, nalandira bukulo ndi manja awiri. Anavala magalasi. Anawerenga tsamba loyamba lonse milomo ikugwedera, anapitirira lachiwiri, ndipo atafika pamwamba pa lachitatu chala chawo chinaima. M'nyumba munkangomveka hita ikuthetheka. Mayi ankandiyang'ana ndi diso limene linkati tionana alendo akapita. "Lathu lija linali litathothoka pepala," anatero bambo, osayang'ana munthu. Kenaka anati, "Zaka khumi ndi zinayi, ana a eni ndakhala ndikuwalowetsera pawindo." A Nyirenda anayesa kuseka n'kunena kuti ngakhale m'busa amaphonya vesi, koma palibe amene anawathandiza kuseka. Ine ndinkayembekezera mbama, ndipo ndinali nditakonzeka kuilandira monyadira. M'malo mwake bambo anatseka bukulo, nandiyang'ana, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi." Ndi mmene ankanditchulira akakondwa nane.

Alendo sanachedwe kutsanzika. Mayi anandikalipira mpaka mawu kusasa, koma bambo anangopempha kuti ndikafunse kusukulu ngati bukulo lingakhale kwathu sabata ina. Madzulo atatu, akaweruka kuntchito, ankakhala patebulo ndi cholembera kukopera masamba awiri aja m'zilembo zawo zaukhondo za pabolodi, n'kundipatsa kuti ndifananize liwu ndi liwu. Anawatumiza kusukulu yawo yakale pamodzi ndi kalata yopita kwa ahedi, yopempha kuti awamate kutsogolo kwa kope lija, ndiponso kuti ahediwo akakumana ndi ana amene bambo anawagwaditsa padzuwa awapepesere. Anatchula mayina awo, ankawakumbukira onse. Loweruka lotsatira ndinamaliza kukolopa n'kukaima pakati pa chipinda, koma iwo anati ndipite ndikasewere ndi anzanga. Masana ake anayamba kubweza mabuku m'matumba akuda. Mayi, amene nyengo yonse ankalimbana nawo mabukuwo, ndi amene anawagwira mkono n'kuwauza kuti asiyeko ochepa. Anakana. Ine ndi bambo tinatsika nawo m'lifiti maulendo anayi, ndipo ndivomere kuti ndinkaponya matumbawo m'bini mosangalala.

Pofika nthawi imene masiku anayamba kutalika, m'nyumba mwathu munkangomveka sopo ndi anyezi wokazinga, ndipo kusukulu palibe amene ananditsiniranso mphuno. Ndinapeza zonse zimene ndinkafuna. Koma walira mvula walira matope. Kutchalitchi munthu wina, mwina wosamva zimene zinachitika, anati Aphunzitsi atipatseko kamodzi, ndipo bambo anamwetulira, nayankha ali chikhalire, kapu ili m'manja, kuti, "Zimenezo zisiyeni, ine ndimasambitsa agogo." Anthu anayesa kangapo, kenaka anatopa, ndipo patapita miyezi ngakhale dzina lija la Aphunzitsi linatha, anayamba kuwaitana ndi mfunda wawo ngati wina aliyense.

Nyumba zosanjikizana zija anazigwetsa, pamalopo pali tinyumba tatsopano taukhondo, ndipo ndikadutsapo pabasi sinditha n'kuloza pamene panali khomo lathu. Ndaiganizira nkhaniyi zaka zambiri ndipo sindinena kuti choonadi chinali cholakwika. Ana a ku Ntcheu anayenera kulandira masamba awo awiri, ndipo bambo eni ake sakanafuna kufa akuphunzitsa chinthu chodukiza. Chimene chimandichititsa nseru, kuposa chikhadabo chija, ndi masiku atatu amene ndinadikira alendo, ndiponso kukoma kumene ndinamva pakhosi pamene chala chawo chinaima pa tsamba lachitatu. Zinandikomera, ndipo palibe sopo amene wachotsa zimenezo. Munthu anali atasiya kwawo, ntchito yake ndi ulemu wake kuti ine ndiphunzire kuno, anatsala ndi kanthu kamodzi, ndipo ine ndinasankha tsiku labwino loti ndimulande anthu akuona.

Bambo adakali moyo, anapuma pantchito, amakhala ku Easterhouse ndi mayi. Mabuku amawerenga, a ku laibulale, mwakachetechete. Ndawapemphapo kangapo kuti andinenere chiganizo chimodzi chokha, chilichonse, ndipo amangoti anaiwala, munthu amene amakumbukira dzina la nkhalamba iliyonse imene anaisambitsa ndi mmene inkakondera tiyi wake. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera ndi homuweki yofuna chiganizo choyamba cha buku lotchuka. Ndinamutumiza dala kwa agogo ake, ine n'kuima pakhomo la khitchini ndikumvetsera. Bambo anamukhazika pamwendo, namukonza kolala, n'kumuyankha mofatsa, popanda kanthu kakupsa mtima m'mawu mwawo, kuti, "Kafunse amako, ndi amene amadziwa poyambira mabuku."